Miyeso kumchira kwa adiresi

Mnyamata wina dzina lake Magalasi anawapangira achemwali ake, atelala a madiresi aukwati, webusayiti yolandirira maoda. Kasitomala amalemba miyeso yake patsamba loyamba, akadina batani, seva, kompyuta yoyendetsa webusayitiyo, n'kumutumiza patsamba lachiwiri kukaona chithunzi cha diresi lake.

Koma seva ndi chinthu choiwalaiwala. Ikamusuntha munthu, zomwe analemba zimatsalira m'mbuyo ngati sunazinyamulitse. Magalasi akanatha kuisungitsa miyesoyo mu seva momwemo, kapena kuimangirira kumchira kwa adiresi ya tsambalo, ija imaoneka pamwamba pa tsamba. Pokhala munthu wokonda zachidule, anasankha mchira.

"Ndiye aliyense aziona chiuno cha mwini wake?" anafunsa achemwali, pini ili pakamwa.

"Ndani amawerenga adiresi, achemwali? Anthu amathamangira chithunzi."

Zinthu zinayenda bwino ndithu. Kenaka achemwali anapempha kabokosi kena koti mkwatibwi woyembekezera azilembamo miyezi, iwo adziwe nsalu yosiya pamimba. Magalasi anakawonjezera osaganiza kawiri, miyeziyo n'kukwera nawo mchira womwe uja.

Tsiku lina achemwali anamuitanitsa Magalasi kushopu. Anapeza makina osokera ali zii, pabenchi patakhala mtsikana wa maso ofiira, foni ili m'manja. Mtsikanayo anali atatumiza linki ya diresi lake, adiresi ya tsamba ija, kugulu la abale a bwenzi lake kuti asirire. Mayi a mnyamatayo, mphunzitsi wopuma amene amawerenga ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala, anaiwerenga linkiyo mpaka kumapeto: chifuwa, chiuno, kenaka miyezi=4.

"Timafuna tiwauze tokha ukwati ukatha," anatero mtsikanayo. "Pano akuti tsiku liime kaye, akhale pansi ngati banja."

Magalasi anagwidwa ndi manyazi, nkhope anasowa poiika. Anatsegula laputopu patebulo lodulira nsalu, n'kusamutsira zonse mu seva, adiresi n'kutsala yopanda mchira. Anamaliza ayironi isanatenthe n'komwe, ndipo kuphweka kwa ntchitoyo n'kumene kunamupweteka kwambiri.

"Ndakonza," anatero chapansipansi.

Achemwali anatsegula kabati n'kutulutsa nsalu ya mtsikanayo, yoyera mbee, ikadali yosadula. Anaiyala patebulo, kukankhira laputopu ija pambali ndi chigongono.

"Ndiyambe kudula, mwanangu?"

Mtsikanayo anaimirira, n'kuisisita nsaluyo kanthawi ndithu.

"Musadule kaye, amayi," anatero. "Mwina ndidzaibweza kusitolo."