Wofika Pomaliza

Dokotala anandiuza mosapita m'mbali kuti ulendo uno ndisapite. Anadinikiza chala pa chidendene changa chakumanzere, ine n'kudumpha, iye n'kunena kuti mtsempha woyenda kunsi kwa phazi watupa ndipo mankhwala ake ndi kupumula. Ndinavomera zonse, ndinathokoza mwaulemu, kenako ndinapita kunyumba kukalongedza chikwama.

Sindikanatsala. Gulu lathu loyenda maulendo ataliatali ndinaliyambitsa ndine, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu takhala tikuyenda masiku asanu m'mapiri chaka chilichonse, matenti ali kumsana. Anzanga ananditcha Ambulasi chifukwa ndikayamba kuyenda sindiima. Koma chomwe chinandikakamiza kwenikweni chinali china. Akazi anga anali atandiuza, uku akupinda zovala, kuti ulendo uno ndi wawo womaliza. Nditafunsa chifukwa, anangoti, "Zakwana."

Mawu amenewo anandiopsa. Chichokereni ana pakhomo, ine ndi iwo timangodutsana m'nyumba ngati anthu a lendi, ndipo kuyenda kumeneku n'kokhako kumene timachitira limodzi. Ndinadziuza kuti ndili ndi masiku asanu oti ndiwasinthe maganizo.

Matenda a chidendenewa ndi achinyengo. M'mawa ukangoponda pansi, umakhala ngati waponda msomali. Ukayenda theka la ola ululu umazilala, n'kumadzinamiza kuti wachira. Ukakhala pansi pang'ono n'kudzukanso, msomali uja uli pomwepo. Masiku awiri oyamba ndinkadzuka anzanga asanatuluke m'matenti, n'kumazungulira msasa motsimphina mpaka phazi litamasuka, kenako n'kugubuduza botolo la madzi kunsi kwake monga anandilangizira dokotala. Pofika nthawi yonyamuka ndinkakhala ndili patsogolo ngati kale. Akazi anga ankabwera kumbuyo kwenikweni, malo awo a zaka zonse, ndipo pa nkhani yowasintha maganizo ija ndinali ndisanalankhule nawo ngakhale liwu limodzi.

Tsiku lachitatu njira inali yotsetsereka, ya miyala yokhayokha, ndipo phazi linandikana. Woyamba kundipitirira anali mlamu wanga, mchimwene wawo wa akazi anga, munthu amene pakamwa pake sipakhala potseka.

"Alamu, ambulasi yaphwa tayala kodi?" anatero akuseka. "Tiitane ina idzanyamule inzake?"

Anapitirira. Anapitiriranso a namwino a m'gulu lathu, amene anayang'ana kapondedwe kanga n'kupukusa mutu, kenako ena onse asanu. Akazi anga atandipeza anachepetsa liwiro kuti tiyendere limodzi, koma manyazi anandipangitsa nkhanza.

"Pitirirani," ndinatero. "Sindikufuna wondilera."

Anandiyang'ana kamodzi n'kupitirira.

Gulu lathu lili ndi lamulo limene ndinalikhazikitsa ndekha, ndipo ndinkalinyadira kwambiri. Ola lililonse otsogola amaima n'kudikira mpaka womaliza atafika. Aliyense wolowa kumene m'gulu ndinkamuuza monyada kuti ife sitisiya munthu m'mbuyo. Choncho nditawaona patali atakhala pamthunzi, nsapato atavula, mtima unakhala pansi. Ndinadzikoka mpaka ndinafika, thukuta lili kamukamu, dzanja lili kale pa lamba wa chikwama kuti nditule.

"Afika," anatero mlamu wanga. "Tiyeni."

Onse anadzuka. Iwo anali atadya, atamwa, thukuta litauma. Ine ngakhale botolo ndinali ndisanatsekule. Ndinawatsatira.

Pamalo achiwiri zinachitikanso chimodzimodzi. Ndinayenda ola lotsatiralo ndikutukwana chamumtima, ndikuwatcha anthu opanda chisoni, makamaka mlamu wangayo. Ndili mkati mokonza mawu oti ndikamulalatire, ndinazindikira kumene anawatenga mawu akewo. Anali anga. Ngakhale kuwomba m'manja kawiri kumene ankachita ponena "tiyeni" anatengera kwa ine. Ndipo munthu amene ndinkamuwombera m'manja chotero, ola lililonse, masiku asanu pachaka, ndinkamudziwa bwino.

Pamalo achitatu, pafupi ndi kamtsinje, ndinatula chikwama iwo akudzuka.

"Ine sindinapume," ndinatero.

"Koma alamu, takudikirani theka la ola," anayankha mlamu wanga, ndipo sankanama.

"Tsogolani, achimwene," anatero akazi anga. "Tikupezani."

Titatsala awiri, anandivula nsapato, anakulunga thaulo ku zala za phazi lodwalalo n'kundipatsa nsonga zake kuti ndizikoka pang'onopang'ono. A namwino ndi amene anawaonetsa, anatero, popeza gulu lonse linadziwa za phazi langa kuyambira tsiku loyamba. Kenako anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa mabisiketi ophwanyikaphwanyika. Thumba linalo munalinso ena. Zaka zonsezi ndinkawaseka kuti matumba awo ali ngati a mwana wa sukulu.

"Mumadya mukuyenda," ndinatero.

"Nanga ndikadyera kuti?"

Ndinakoka thaulo lija kwa kanthawi. Funso ndinali nalo, koma yankho lake ndinkaliopa.

"Zaka zonsezi, inu mumapuma nthawi yanji?"

"Sindinkapuma."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinakuuzani chaka choyamba. Munati tikamachedwa tidzafika kutada. Chaka chachiwiri ndinakuuzaninso." Anasasa nyenyeswa pa siketi. "Kenako ndinangosokerera matumba akuluakulu."

Analankhula mopanda mkwiyo, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Akanakalipa ndikanapeza podzitetezera. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ine amene ndinkadzitama kuti ndimayenda ndi akazi anga, chonsecho chimene iwo ankaona kwa zaka khumi ndi zisanu chinali msana wanga ukuchepa patali.

Tinakhala pamenepo mpaka thukuta langa litauma. Anandionetsa kambalame kabuluu kamene anati amakaona chaka chilichonse pa kamtsinje kameneka. Ine ndinadutsapo kakhumi ndi kasanu osadziwa n'komwe kuti pali mbalame.

"Mayi a ana," ndinatero, "chaka chamawa bwerani. Ndidzayenda nanu kumbuyo. Tikafika pamene adikira, tidzakhala pansi mpaka inu mutanena kuti tinyamuke."

Anapinda thaulo bwinobwino n'kuliika m'chikwama. Anandiyang'ana mwachifundo, osati monyoza.

"Chaka chamawa phazi lidzakhala litapola," anatero.

Ndinatsekula pakamwa kuti nditsutse, koma munthu amene wakhala nawe zaka makumi atatu sumunamiza ndi malonjezo a pamthunzi. Ndinamanga zingwe za nsapato. Kunali kutatsala masiku awiri, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinalakalaka phazi lisafulumire kupola.