Chitseko cha Aphunzitsi

Lipoti lija linabwerera pa tebulo la Sajeni lili ndi mizere ya pensulo pansi pa ziganizo ziwiri. M'mbali mwake bwana wamkulu wa ofesi ya zofufuza anali atalemba kuti, "Munaona kapena munamva?"

Sajeni anali mayi wokhalitsa pa ntchito ya upolisi, ndipo funso limeneli ndi lomwe iye ankavutitsa nalo apolisi atsopano. Analiwerenga kawiri, n'kunyamula failo kupita kukagogoda.

"Lowani. Kankhani ndi phewa, chitsekocho chimakwekwereza pansi," anatero bwana ali m'kati.

Mlandu wake unali wotere. Usiku wa dzana akuba analowa m'nyumba ya aphunzitsi ena opuma pa ntchito, bambo okhala okha chimwalirireni akazi awo. Anawamenya pamutu n'kutenga wailesi ya kanema ndi makina osokera a malemuwo. Aphunzitsi anali kuchipatala, mutu uli m'mabandeji, osakumbuka nkhope ya munthu aliyense. Sajeni anafika panyumbapo dzulo masana, chifukwa galimoto ya polisi inali itapita kwina. Anayang'ana, anafunsa anthu, n'kubwerera kudzalemba. Ziganizo zimene bwana anajambula mizerezo zinali izi: "Chitseko chinathyoledwa ndi tchizulo," ndi "Kalipentala woyandikana nawo nyumba anaonedwa pa chitsekocho ali ndi zida."

Anzake atawerenga mawu amenewo sanachedwe. Wina anakumbukira kuti kalipentalayo anakhalako kundende ali mnyamata, pa mlandu wothyola sitolo. Anakamutenga kuntchito kwake, ndipo tchizulo yake inakwana bwinobwino pa zipsera za pa felemu ya chitseko. Tsopano anali m'chitokosi.

"Akuti iye ankakonza, sankathyola," anatero bwana. "Onse amatero. Wina tinamugwira atasenza mbuzi, akuti amaiperekeza kwawo. Komabe lipoti lanuli, Sajeni, silikundithandiza. Mwati chitseko chinathyoledwa. Munachiona chili chothyoka?"

"Ndinaona zipsera za tchizulo, bwana. Zatsopano, thabwa lili loyera."

"Chinkatsekeka?"

Sajeni anaganiza. Pamene ankafika, chitseko chinali chotsegula, anthu atadzaza pakhomo, wina atachitchinjiriza ndi njerwa.

"Sindinayese, bwana."

"Nanga anaonedwayo, anaonedwa ndi ndani? Nthawi yanji?"

"Ndi mayi wa golosale ya patsidya pa msewu. Nthawi sindinafunse."

Bwana anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. Sanakalipe.

"Failoyi ikupita kukhoti mawa m'mawa. Ndi mbiri yakeyo, belo samupatsa. Ngati ndi wakuba, apite. Ngati si wakuba, ndiye kuti tamutsekera ndi ziganizo ziwiri zanuzi. Galimoto palibe, monga mwa masiku onse. Nsapato muli nazo?"

"Ndili nazo, bwana."

Potuluka anadzera kuchitokosi. Kalipentala anali atakhala pansi, manja ali pa mawondo, utuchi ukadali m'tsitsi. Atamuona anaimirira. Sajeni ankayembekezera kuti munthuyo ayamba kulumbira kuti sanalakwe, monga amachitira ena.

"Mayi, aphunzitsi ali bwanji?"

"Akupezako bwino. Adya m'mawa uno."

"Chabwino," anatero, n'kukhalanso pansi.

Nyumba ya aphunzitsi ndi ya kalipentala zinali zogundana, zolekanitsidwa ndi mpanda wamaluwa umene unali ndi mpata wodutsa munthu mmodzi. Kiyi wa nyumba ya aphunzitsi anali ndi mkazi wa kalipentala. Anamupereka ndi manja awiri osayang'ana Sajeni kumaso, kenako anaima chapatali, mwana ali kumsana. Sajeni anamukumbukira. Dzulo anamuona ataima pa mpanda womwewo, diresi lake litanyowa m'munsi, osalankhula kanthu.

Kiyi anazungulira mosavuta. Sajeni anatsegula, anatseka, anatsegulanso. Chitseko chinkatsekeka bwino kuposa cha kunyumba kwake. Anagwada n'kuyang'ana felemu. Pamene panalowa lilime la loko panali kathabwa kena kosapaka penti, kolowetsedwa mwaluso, komatidwa ndi guluu n'kukhomedwa ndi misomali ing'onoing'ono. Zipsera za tchizulo zija zinali m'mbali mwa kathabwako, zowongoka ngati zolemba ndi rula. Dzulo anaziona zipserazo, koma kathabwako sanakaone.

M'nyumba munkanunkhira sopo. Simenti inali yowala. Bedi linali loyalidwa, mabuku atasanjidwa pa shelefu, ena mozondoka. Pa tebulo, pamalo pamene fumbi linkasonyeza kuti panali makina osokera, wina anali atayalapo kansalu.

"Mayi," anaitana Sajeni, "tabwerani. Anakolopa muno ndani?"

Mayiyo anayamba kugwedeza mwana amene sankalira n'komwe.

"Sindinabwere ndi unyolo. Taonani, ndili ndi cholembera chokha."

"Cholembera chomwecho n'chimene chatengetsa bambo ake mwanayu."

Sajeni anangovomera ndi mutu. Mayiyo ataona kuti sakumutsutsa, anapita kukatenga mpando kwawo, anaupukuta ndi dzanja n'kuuika pamthunzi.

"Khalani. Mwayenda wapansi, ndakuonani."

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Kutangocha, mayiyo akuyanika zovala, anamva kubuula. Anapeza chitseko chili pululu, felemu itang'ambika, aphunzitsi ali pansi. Amuna ake anawanyamula kumsana mpaka kumsewu, anawaperekeza kuchipatala pa takisi, ndipo ali komweko anaimbira polisi. Atabwerako anadikira. Apolisi osabwera. Anthu anayamba kusuzumira m'nyumba, ana kulowa, galu wa eni ake kununkhiza pansi.

"Ndiye bambo ake anati, tikasiya chonchi, zotsalazi zipitanso. Mumawadziwa anthu a matabwa, akaona chitseko chopendekeka thupi limawayabwa. Anatenga zida. Loko anachotsa pa chitseko chathu cha kuchipinda. Panopa tikutseka ndi mpando."

"Nanga inu?"

"Ine ndinakolopa." Anayang'ana pansi. "Magazi anali paliponse. Bambo aja amakhala okha. Ndinati akatuluka m'chipatala asadzapeze magazi awo omwe akuwadikira, adzagwade okha kukolopa."

"Bwanji simunandiuze dzulo?"

"Alamu anga anati kukhudza malo a mlandu ndi mlandu. Anati ndikatsegula pakamwa anditsekera inenso. Ana akhala ndi ndani? Alamu angawo kuphika madzi kumene sadziwa."

"Zimene munasesa munataya kuti?"

"Magalasi ndinakulunga m'nyuzipepala, kuopa ana angadzicheke. Ali kuseri. Matabwa sindinataye. Kutaya thabwa m'nyumba mwathu ndi nkhani yothetsa ukwati."

Kuseri kwa nyumba ya kalipentala kunali kashedi ka malata, ndipo pansi pa benchi yogwirirapo ntchito panali katoni yodzaza zidutswa za matabwa. Pamwamba penipeni panali chidutswa chopaka penti yobiriwira, yofanana ndi ya felemu ya aphunzitsi, pamodzi ndi loko wopindika. Sajeni anajambula chithunzi ndi foni zinthuzo zisanasunthidwe, kenako anavala magolovesi n'kunyamula chidutswacho. Mbali imodzi inali yodulidwa mowongoka ndi tchizulo. Mbali inayo inali yophwanyika, ndipo pakati pake panali dzenje lobulungira, lakuya, lodetsedwa ndi girisi wakuda. Anakachiika pafupi ndi felemu. Utali wake unafanana ndi wa kathabwa katsopano kaja.

Anaika chidutswa, loko ndi magalasi m'mapepala osiyana, n'kulemba pa lililonse pamene analipeza. Kenako anawoloka msewu.

Mayi wa golosale anamulandira ndi mawu okweza. "Mwabweranso? Lero mugulako kanthu, dzulo munangondithera malovu."

"Ndigula machesi. Munati munamuona kalipentala pa chitseko. Inali nthawi yanji?"

"Dzuwa litakwera kale. Galimoto ya buledi inali itadutsa."

"Aphunzitsi anali m'nyumba?"

"M'nyumba mwa ndani? Si iye yemweyo anawabereka m'mamawa kupita nawo kumsewu, malaya onse magazi okhaokha? Ndinaona ndikutsegula mawindo."

"Bwanji simunanene zimenezo?"

"Munandifunsa kuti ndinaona ndani pa chitseko. Ndinakuuzani. Mukanafunsa zambiri ndikanakuuzani zambiri, ine pakamwa sipatopa."

Sajeni analemba mawu ake, anamuwerengera, mayiyo n'kusaina. Anachitanso chimodzimodzi ndi mkazi wa kalipentala. Atafika pa mawu akuti "ndinakolopa", mayiyo anagwira dzanja la Sajeni.

"Pamenepo simungadumphe?"

"Ndikadumpha, a kukhoti adzafunsa kuti magazi anapita kuti. Ndipo adzadziyankha okha."

Mayiyo anatenga cholembera.

Ku ofesi, Sajeni anakhala pa kompyuta yakale ija yochedwa kuyaka. Poidikira anatseka maso n'kupemphera mwachidule, monga ankachitira asanadye, kupempha kuti asaonjezere ndiponso asachotse. Wapolisi wa pa tebulo loyandikana anatsitsa wailesi osauzidwa.

Anayamba ndi nthawi imene anafika ndi amene anawapeza. Kenako analemba zimene anaona ndi maso ake: chitseko chotsekeka bwino, kathabwa kosapaka penti ndi muyeso wake, simenti yokolopedwa, chidutswa chobiriwira ndi malo amene chinali, dzenje lobulungira la girisi. Analemba kuti "dzenje la chitsulo chochotsera matayala", anayang'ana mawuwo, n'kuwafufuta. Chitsulocho sanachione. Anasiya muyeso wa dzenje ndi mtundu wake, n'kupempha kuti akatswiri akachiyeze.

Zimene anauzidwa anaziika pazokha, chilichonse ndi mwini wake ndi nthawi yake. Mawu a mkazi wa kalipentala anawalemba monga anawanenera, a magazi odikira mwini wake aja. Chakumapeto zala zake zinalemba zokha kuti, "Kalipentalayu ndi wosalakwa." Ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Anafufutanso. M'malo mwake analemba kuti mboni ziwiri zinamuona pa chitseko aphunzitsi atapita kale kuchipatala, ndipo palibe mboni imene inamuona pamalopo usiku. Anamaliza ndi chiganizo chimodzi chonena kuti lipoti lake loyamba linati chitseko chinathyoledwa ndi tchizulo, koma iye anaona zipsera zokha, ndipo sanayese kutseka chitsekocho.

Bwana anawerenga pensulo ili m'manja. Anafika pamapeto osajambula mzere. Anatsegula pepala la chidutswa chija, anachiyang'ana pa kuwala kwa pawindo, n'kuusa moyo.

"Ndiye kuti mapazi a akuba, zidindo za zala, zonse zinapita ndi sopo."

"Zinapita, bwana. Chatsala ndi girisiyo."

"Anthu abwino amatipatsa ntchito yambiri kuposa akuba." Anakoka fomu n'kusaina. "Mutulutseni. Mawa muyambe ndi magalaja ndi okonza matayala. Ndipo mayiyo mumuuze kuti tsiku lina adikire apolisi."

"Anadikira, bwana."

Bwana anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Zimenezonso mwalemba?"

"Tsamba loyamba."

"Ndaona," anatero, n'kutseka failo.

Mkazi wa kalipentala anali atafika kale, atakhala pa benchi ya panja ndi jekete la amuna ake pamiyendo. Sajeni anawalowetsa onse awiri mu ofesi ya bwana kuti kalipentala asainire zida zake. Iye anatenga tchizulo, anayesa kunsonga kwake ndi chala chachikulu, n'kuikulunga m'kansanza. Sajeni anamuuza kuti mawu amene anamutseketsa analemba ndi iye, ndipo anapepesa.

"Zachitika, mayi," anatero kalipentala. "Koma aphunzitsi akatuluka muwauze kuti kiyi ndi wina tsopano. Angavutike pakhomo ndi wakale uja."

Potuluka, chitseko cha ofesi chinakwekwereza pansi monga mwa masiku onse. Kalipentala anaima. Anachikankha pang'ono, anachikoka, n'kuwerama kuyang'ana mahinjesi.

"Apa n'zochepa, bwana. Kungomasula apa ndi kupala pang'ono m'munsimu..."

"Bambo ake," anatero mkazi wake, "manja m'thumba."

Bwana anaseka mpaka kutsokomola. "Mubwere Loweruka, achimwene. Sajeni alemberatu lipoti musanayambe."

Sajeni anawaperekeza mpaka pageti. Mayiyo anaveka amuna ake jekete ngakhale kunja kunkatentha, n'kuwachotsa utuchi m'tsitsi. Sajeni anabwerera pa tebulo lake, anatenga pepala latsopano, n'kuyamba kulemba magalaja amene ankawadziwa.