Filimu Yopanda Kamera

Takisi ya Giya inaima pamalo odikirira okwera kuyambira m'mawa, osapeza munthu ngakhale mmodzi. Giya linali dzina limene madalaivala anzake anam'patsa chifukwa cha liwiro lake. Masana, bambo wina wovala jekete lachikopa anatsamira pawindo.

"Tikujambula filimu ya mbava zoba ku banki," anatero bamboyo. "Tikufuna dalaivala wochangamuka. Lachisanu mudzatisiya pafupi ndi banki n'kudikira injini ikulira. Tikadzatuluka, mudzaliyatsa liwiro. Nkhope yanu idzaoneka pa kanema."

Giya anavomera pomwepo. Koma mkazi wake atamva, mtima sunakhazikike, ndipo anaitana bambo wachikulire woyandikana nawo nyumba, amene anagwirapo ntchito yaulonda pa banki zaka makumi awiri.

"Mwanangu, akuonetsa kalata ya apolisi?" anafunsa bamboyo.

"Kalata yanji, bambo? Ndi sewero chabe."

"Sewero la mfuti pa banki silichitika mobisa. Manijala amadziwa, apolisi amatseka msewu, alonda amauzidwiratu. Mawa udutse pabankipo ukafunse. Sizikutengera ngakhale mphindi khumi."

Mlamu wake wa Giya, amene ankamvetsera ali pakhomo, anaseka. "Alamu, mukamafunsafunsa atenga wina. Tidzamuona mnzanu pa kanema, inu mukutsuka matayala."

Giya sanapite kukafunsa.

Lachisanu cha m'ma teni koloko m'mawa ananyamula amuna atatu, kuphatikizapo wa jekete uja, kuseri kwa sitolo ya zitsulo. M'galimoto munalibe woseka kapena wocheza. Ataima moyang'anizana ndi banki, Giya anatembenuka.

"Nanga kamera ili kuti, bwana?"

"Ili padenga la nyumba iyo. Inu yang'anani kutsogolo basi."

Amuna aja anavala zophimba nkhope, natulutsa mfuti m'chikwama, n'kuwoloka msewu. Giya anasuzumira padenga lija. Panali thanki yamadzi ndi nkhunda ziwiri. Msewu sunatsekedwe, anthu ankangodutsa ndi katundu wawo.

Kenako mfuti inalira kawiri. Mayi wina anatuluka m'banki akuthamanga, mwana ali m'manja, nsapato imodzi itatsala pamasitepe. Pakhomo mlonda anagwa atagwira ntchafu, magazi akudutsa pakati pa zala zake.

Giya anazimitsa injini, nazula kiyi n'kuiponya m'ngalande. Anathamangira kwa wapolisi wa pamsewu amene anali pamphambano.

"Mbava! M'banki muli mbava! Galimoto iyo ndi yanga!"

Mbavazo zitatuluka zinapeza galimoto ili zii, dalaivala palibe, ndipo zinathawa wapansi. Ziwiri zinagwidwa zisanafike patali. Wa jekete uja anagwidwa patapita masiku atatu.

Giya naye anamangidwa unyolo. Anagona m'chitokosi milungu iwiri ndi theka. Tsiku lom'tulutsa, mayi wapolisi wofufuza milandu anam'khazika pansi.

"Bambo, wonyamula mbava n'kuzidikirira amayankha mlandu limodzi nazo. Kunena kuti 'anandiuza kuti ndi filimu' sikumasula munthu. Inu chakupulumutsani n'chakuti anthu anakuonani mukutaya kiyi n'kukaitana wapolisi. Galimoto ikhala kuno mpaka mlandu utatha."

Mawa lake, Giya ndi mkazi wake anapita kuchipatala. Mlonda uja anali chigonere, mwendo utamangidwa ndi zitsulo, mkazi wake akum'mwetsa madzi.

"Ndinu anzawo a kuntchito?" anafunsa mkazi wa mlondayo.

Giya anavula chipewa.

"Ayi, mayi. Ndine dalaivala amene ndinawabweretsa."

Mayiyo anaika kapu pansi. Mlonda anam'yang'anitsitsa Giya kwa nthawi yaitali.

"Apatseni mpando," anatero potsiriza. "Ndikufuna andiuze bwinobwino mmene zinayambira."

Phunziro: Musavomere ntchito imene eni ake safuna mafunso. Munthu wachilendo akakulembani ntchito yokhudza banki, mfuti kapena katundu wobisika, funsani makalata, ndipo mukatsimikize kwa apolisi kapena kwa eni malo musananyamuke.