Kamera ya a Shafi mumpunga wa a Awa

Malichi uja mpunga wa a Awa unachita bwino moti mpheta zonse za ku Makokola zinauzana. Mayiwa ankalawirira kudambo, kukwera pansanja, n'kumakoka chingwe cha zitini uku akukuwa. Pofika tsiku lachisanu mawu anali atasasa, phewa litatupa. Mpunga unkafuna sabata ina kuti ukhwime, koma wowalandira panalibe.

Ndiye kunatulukira a Shafi, amuna a mng'ono wawo, ochokera ku Blantyre. Anzawo akapuma pantchito amagula mbuzi. Iwo anagula kamera yamlomo wautali ngati munsi, n'kuyamba kulondola mbalame.

"Alamu, musakoke!" ananong'ona a Shafi. "Taonani apo."

Pangala ya mpunga panatera kambalame kofiira psuu, kakuda pamimba.

"Kamafiira nyengo ino yokha. Mvula ikatha kamangofanana ndi mpheta wamba. Ndipotu mawa ndikubwerera."

"Ndiye kandidyere mpunga chifukwa kavala suti?"

Anakoka. Zitini zinalira, kambalame kanathawa, phewa nalo linalasa mpaka m'khutu. Atakhala pansi kuti apume, maso awo anagwera pamiyendo ya mlamu wawo. Miyendo yabwinobwino, yonenepa, yosagwira ntchito.

"Alamu, kameneka sajambula ataima," anatero a Awa. "Kakatera uko, thamangirani konko, mukakupize chipewa kuti katembenuke."

"Buku langa limati munthu azikhala phee."

"Buku lanulo analembera dambo lino?"

A Shafi anaganiza pang'ono, n'kuvula nsapato.

Abale inu, bambo uja anathamanga! Kofiira kakatera kumtunda, iwo kumtunda, chipewa m'mwamba. Mpheta zonse kuti buu, kunsi. Iwo kunsi. A Awa anatambalala pansanja, nakukuta chimanga chowotcha, n'kumangoloza ndi chala. Nthawi ya swala, pemphero la masana, itakwana anaswali mosafulumira, koyamba sabata imeneyo.

A Ndaona a munda woyandikana anafuula: "Mwamupeza kuti wantchito ameneyu?"

"Ku Blantyre. Amabwera ndi chipewa chake chomwe."

Pomakwana cha m'ma fili koloko, a Shafi anabwera kudzakhala pansi pa nsanja, matope mpaka m'mawondo. Anaonetsa zomwe ajambula: mitambo, bango, mchira wa chinachake, mitambo inanso. Sanadandaule. Anangopukuta galasi la kamera ndi kansalu, pang'onopang'ono.

"Zaka zitatu ndikukafuna kameneka," anatero. "Basi, mwina chaka chamawa."

A Awa anaika chimanga chija pambali. Anayang'ana mpunga, anayang'ana mapazi a mlamu atachekekachekeka ndi udzu, n'kutsika.

"Bwerani kuno. Mukuona bango lopindika lija kuseri kwa nsanja? Kakakhuta kamadzatera pomwepo. Tsiku lililonse kamandionera pamenepo. Khalani phee."

"Phee? Si zija likunena buku?"

"Ndiye buku lanulo ndi lanzeru. Chete."

Mayiwo anamangirira chingwe pamtengo. Mpheta zinatsikira pangodya ya munda ngati zaitanidwa kuukwati, ndipo a Awa analuma nsonga ya mpango kuti asakuwe. Kenako kofiira kaja kanabwera, kanatera pabango, kanafufumitsa nthenga za m'khosi ngati mkamwini watsopano. Kamera inalira tche, tche, tche.

A Shafi anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anayang'ana alamu awo, nthawi yaitalinso.

"Ndiye tsiku lonseli ndimakupirikitsirani mbalame?"

"Mumajambula, alamu. Ine ndimangoonerera."

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola. "Pothamanga paja ndinaonanso kena kachikasu kunsi uko. Minibasi ya mawa ipite yokha."

"Kachikasuko kamabwera m'mawa kwambiri," anatero a Awa, akumasula chingwe n'kuwapatsa m'manja. "Koma kamafuna munthu wodziwa kukoka."

Mpunga anadula Lachisanu linalo. Ngodya imodzi yokha ndiyo inali mankhusu, ndipo mpaka lero a Awa amaitchula kuti munda wa a Shafi.