Nkhope Ziwiri pa Khadi Limodzi

Chimwalirireni Sulita, magalasi onse m'nyumba muja anali ophimba. Anthu ena amaphimba dzuwa likalowa kuti mizimu isasuzumiremo, kukacha n'kuvundukula. Koma mayi ake a Fuatino anaphimba kophimbiratu. Galasi limodzi lokha ndi limene linawakanika, nkhope ya Fuatino mwini wakeyo. Iye ndi Sulita anali mapasa, ofanana moti ngakhale abusa ankawasokoneza. Chaka chonsecho mayiwo ankalankhula naye maso ali pansi, kapena ali pamanda a Sulita, amene anali pabwalo pomwepo, kutsogolo kwa khonde. Zinkamupweteka Fuatino, tisaname. Ankangofuna kuti mayi ake amuyang'aneko kamodzi kokha.

Tsiku lovundukula chiliza litayandikira, Fuatino anakwera basi kupita kumzinda wa Apia kukasindikiza makhadi a chikumbutso. Mwini shopu, Pelenato, bambo wa mimba yake wolankhula ngati wailesi, anamuyalira zitsanzo ziwiri patebulo. Chithunzi chinali chimodzimodzi, Sulita atatsomeka duwa kukhutu.

"Ili ndi lonyezimira, ili ndi losanyezimira," anatero Pelenato. "Lonyezimirali thukuta silimva, mvula silimva. Paja anthu akwanu aja khadi amalisandutsa chokupizira m'tchalitchi. Losanyezimirali ndi laulemu, koma likangokumana ndi zala za mafuta a nkhumba, basi lapita."

"Mwayamba kale kuwerengera nkhumba za pamwambo, kuitanidwa simunaitanidwe," anayankha Fuatino.

Ananyamula lonyezimiralo n'kulipendeketsa cha kukhomo kumene kunkachokera kuwala. Sulita anaphethira. Thupi lonse la Fuatino linachita tsemwe. Atayang'anitsitsa anaona kuti ndi nkhope yake yomwe imene yagwera pamwamba pa ya m'bale wake, maso pa maso, mlomo pa mlomo. Anadziwa bwinobwino kuti ndi iyeyo, komabe mantha sanachoke. Analivundikira patebulo.

"Ili ayi, bambo. Ndi galasi ili. Amayi sangalilowetse m'nyumba."

"Tengani onse awiri, achemwali, akasankhe eni ake. Mukandiimbire."

Atafika kunyumba, Fuatino anawapeza mayi ake pakhonde akuluka mkeka, atayang'ana kumanda. Anaima kumbuyo kwawo monga anazolowera, kuti asawavutitse ndi nkhope yake, n'kuwapatsira losanyezimira lija cha paphewa. Analisisita ndi chala.

"Apa ndiye wafadi mwana wanga," anatero. "Linalo lili kuti? Ndamva mapepala awiri m'chikwamamo."

"Linalo si labwino, Amayi. Limaonetsa nkhope."

Dzanja la mayiwo linangokhala chitambasukire. Fuatino anawapatsa, akudikira kuti aliponya kapena aliphimba ndi nsalu ngati magalasi aja.

Sanaliponye. Analikweza, n'kulipendeketsa pang'onopang'ono mpaka dzuwa la masana linagwerapo. Fuatino anaimabe pomwepo kumbuyo kwawo. Pa khadipo anaona Sulita akumwetulira ndi duwa lake, ndipo pamwamba pa Sulita panali nkhope ina yotuwa, yosamwetulira. M'mphepete munali diso la mayi ake. Silinkayang'ana duwa lija ayi. Linkayang'ana iyeyo.

Nkhuku zinkapalasa m'mbali mwa manda.

"M'bale wakoyu ali ndi masaya," anatero mayiwo. "Nanga ako apita kuti, Fuatino? Amakupatsa chakudya ndani pakhomo pano?"

Misozi ya Fuatino inangoyamba yokha, ndipo pa khadi paja zinaoneka ngati akulira ndi Sulita.

Kutembenuka sanatembenuke mayiwo. Anangogwiritsa khadilo ndi manja onse awiri kuti lisagwedezeke.

"Umuuze wa ku Apia uja asindikize lomweli," anatero. "Koma usachoke kaye pamenepo. Sindinamalize kukuona."