Nyumba Yomwe Inkadya Chakudya cha Mwana

Muvi wa sikelo unavina pang'ono kenako n'kuima. Anesi anauyang'anitsitsa, anamutsitsa mwanayo, n'kumukwezanso. Muvi unabwerera pomwe paja.

"Mayi, mwana wanuyu watsika thupi kwambiri. Wayamba kunyentchera."

Atelala, mayi a mwanayo, anacheuka, kuganiza kuti mawuwo akupita kwa munthu wina. Koma m'chipindamo munali iwo okha, mwana wawo ndi anesi. Kuchipatalako anabwerera chifuwa chabe. Mwana wawo wazaka zitatu, yemwe bambo ake ankamutchula kuti Dona chifukwa chokonda nsapato, ankatsokomola osaleka, ndipo masiku amenewo ankangogona pasofa osasewera.

"Kunyentchera? Anesi, mwina sikelo yanuyi yafa. Ifetu timakhala kufulati, m'mwamba, m'nyumba zatsopano zija za matailosi."

Mawuwo atangotuluka, Atelala anachita manyazi. Koma anesi sanaseke. Anali mayi wachikulire, wolankhula modekha. Anatenga kalamba koyezera, n'kukulunga mkono wa Dona, n'kuwaonetsa pamene kalambako kanakumana. Atelala miyezo ankaidziwa, poti kwa zaka zambiri ankayeza ana a eni powasokera mayunifomu. Mkono umenewu sunali wa mwana wazaka zitatu. Apo m'pamene anakumbukira kuti mwezi wathawo anabweza diresi la Dona m'chiuno, ali ndi chimwemwe chonse kuti mwana akutalika.

"Dzulo anadya chiyani?" anafunsa anesi.

"M'mawa tiyi ndi buledi. Masana mpunga ndi masamba."

"Nanga madzulo?"

"Zotsala za masana."

"Dzira, mkaka, nyemba, nyama kapena chipatso anadya liti komaliza?"

Atelala anayamba kuwerenga masiku m'mutu. Anabwerera m'mbuyo sabata ndi sabata koma tsikulo osalipeza. Anakhala pabenchi mwana ali pamiyendo.

"Sindikukuweruzani ayi," anatero anesi. "Si inu oyamba kundipeza ndi mwana wotere mutavala bwino. Ndikufunseni funso lomwe si la chipatala. Ndalama zonse zolowa m'nyumba mwanu pamwezi, za bambo ndi zanu, mutazigawa milu itatu yofanana, lendi imatenga milu ingati?"

"Za lendi amadziwa ndi bambo a mwana. Ine amangondipatsa ya ndiwo."

"Ndiye kayambireni pomwepo. Alangizi a zachuma amati lendi isapitirire mulu umodzi mwa itatuyo. Iwiri yotsalayo ndi ya chakudya, madzi, magetsi, mayendedwe, mankhwala, sukulu ndi kusungako pang'ono. Lendi ikalumpha malire sipita kukaba kwa aneba. Imatapa m'mbale za m'nyumba momwemo, ndipo mbale yoyamba kuchepa imakhala ya amene sanadziwe kudandaula."

Anawapatsa mankhwala a chifuwa ndi timapaketi ta chakudya cha ana ofooka, n'kuwauza kuti abwerenso mawa ndi bambo wa mwanayo.

Atelala sanapite kunyumba. Anabereka Dona n'kulunjika kubekale kumene amuna awo ankayendetsa galimoto yoperekera buledi m'masitolo. Inali nthawi ya chakudya chamasana. Antchito anali atakhala pansi pa shedi, aliyense ndi kontena yake pamiyendo. Amakaniko a pabekalepo atawaona anapukuta pakamwa.

"Alamu, mwabwera bwino, mutithandize. Kodi anzathuwa alowa mpingo wanji? Miyezi yonseyi akuti akusala kudya. Ife timati mwina akukonzekera ubusa."

Anthu anaseka. Atelala sanaseke nawo. M'mawa uliwonse amuna awo ankakana tiyi, amvekere, "Musavutike, kuntchito amatipatsa."

Anawapeza m'galimoto, mpando atautsamiritsa, chipewa chili kumaso, botolo la madzi pambali. Malaya anali atakwera pang'ono, ndipo Atelala anaona lamba. Linali ndi mabowo atsopano, oboola ndi msomali. Munthu amene ankagona naye chipinda chimodzi anali atatha chonchi iwo osaona.

"Bambo a Dona."

Adalaivala anadzambatuka. "Kwagwanji? Mwana ali bwanji?"

"Akuti wanyentchera."

"Ndani?"

"Dona. Mwana wathu."

Adalaivala anatsika m'galimoto ngati munthu woti wamenyedwa ndi chinthu kumutu. Anagwira kamkono ka mwanayo, zala zawo ziwiri n'kukumana mosavuta. Anakhala pasitepe ya galimoto.

"Ine ndimati ndikapanda kudya ineyo, inu awiri zikukwanirani," anatero kenako.

"Ndiuzeni zoona. Lendi ikutenga zingati pa malipiro anu?"

Anayamba mozungulira, koma Atelala sanawachotse diso. Ndiye zonse zinatuluka. Polowa m'fulatimo ovataimu inali yambiri, ndipo lendi inkatenga pafupifupi theka. Kenako bekale inagula galimoto ina, ovataimu n'kutha. Chaka chitatha, eni nyumba anakweza lendi. Tsopano pa milu itatu ija, iwiri yathunthu inkapita kwa alandilodi, magetsi ndi madzi asanalipire. Kuntchito ankapita wapansi, basi ankangoiona ikudutsa.

"Milu iwiri," anabwereza Atelala chapansipansi. "Ndiye tikugwirira ntchito makoma? Bwanji osandiuza?"

"Ndikanayambira pati, mayi a Dona? Tsiku lolowa munavula nsapato n'kumayenda pamatailosi ngati mwana. Achemwali anu anabwera kudzajambulitsa pakhonde. Ndikanati tibwerere kumene tinachoka, anthu akanati mwamunayu walephera."

Atelala anaweramitsa mutu. Fulatiyo anaikakamira ndi iwo. Ndipo nawonso anali ndi lawo limene anabisa. Chisamukireni, makasitomala awo anatha ngati madzi a m'mbiya yobooka. Azimayi achikulire ankadandaula masitepe, eni nyumba analetsa kukhoma chikwangwani, ndipo aneba apansi ankagogoda makina akangolira. Masiku ambiri makinawo ankangokhala ovundikira. Zimenezi sanawauzepo amuna awo, poopa kuwawonjezera nkhawa.

"Nanenso sindinakuuzeni," anatero, n'kufotokoza.

Adalaivala anagwira pakamwa. "Ine ndimadalira kuti zosokazo zikugulako mkaka."

"Ine ndimadalira kuti malipiro anu akukwana."

Anayang'anizana, mwana ali pakati pawo akuyamwa chala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'mawa mwake Adalaivala anapempha chilolezo kuntchito, onse atatu n'kupita kuchipatala. Anesi atamaliza kumuona Dona, bamboyo anafunsa zimene zinkamuvuta.

"Amayi, nkhani ya mulu umodziyi ndaimva. Koma m'tauni muno nyumba zakwera. Ya mulu umodzi tikaipeza kuti?"

"Mukunena zoona, n'zovuta," anayankha anesi. "Ena amapitirirako pang'ono chifukwa palibe pothawira. Si lamulo la boma, ndi muyezo wokuchenjezani. Koma ikafika theka, dziwani kuti china chake m'nyumbamo chikufa. Tsono powerengera, werengerani ndalama zimene zimafikadi m'manja mwezi uliwonse, atadula kale zodula. Ovataimu ndi mlendo, sitimangira nyumba mlendo. Zosoka nazo, tengani za mwezi woipa, osati wabwino."

"Nanga tikapeza yotchipa kutali?"

"Muphatikize lendi ndi ya basi, muone ngati ikutchipabe. Ndipo musathawe pafulatipo mwakachetechete. Kalankhuleni ndi eni nyumba. Akakana kutsitsa, perekani notisi monga munagwirizanirana polowa, nyumba muisiye yaukhondo, kuti dipoziti yanu ibwerere."

Eni nyumba anawalandira bwino koma kutsitsa anakana. Anati pali anthu ambiri amene akuifuna. Adalaivala anapereka notisi tsiku lomwelo.

Kusaka nyumba sikunali masewera. Loweruka lililonse ankazungulira mpaka mapazi kutupa. Yoyamba inali yotchipa zedi, koma kumathero a tauni, mabasi awiri kuti munthu afike kubekale. Ataphatikiza, inatsala pang'ono kufanana ndi fulati ija. Yachiwiri inali pafupi, koma makoma ake anali a chinyontho, nkhungu mpaka kudenga. Atelala anamva fungolo ali pakhomo, n'kukumbukira chifuwa cha Dona, n'kubwerera pomwepo. Notisi inatsala pang'ono kutha asanapeze kolowera, ndipo Adalaivala anayamba kunena kuti mwina akapepese kwa alandilodi.

Anawapulumutsa ndi Amakaniko aja. Atamva chimene chinali kuseri kwa kusala kudya, nthabwala zinawathera. Anafunsa uku ndi uku mpaka anapeza nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya zitsulo, mtunda woyenda wapansi kuchokera kubekale. Pansi panali simenti, mpopi unali panja wogawana ndi banja lina, koma denga linali losadontha ndipo zenera lalikulu linayang'ana kumsewu. Lendi yake inangotsala pang'ono kukwana mulu umodzi.

Tsiku losamuka achemwali a Atelala anafika katundu akutsitsidwa. Anaima pakhomo, chikwama chili m'khwapa, maso akuyendayenda.

"Mng'ono wanga, zoona? Kuchoka kumwamba kuja kudzagwera pano? Anthu ati chiyani?"

Mawuwo anawalasa Atelala, pakuti nawonso m'mawa umenewo anagwetsa misozi potseka chitseko cha fulati. Koma anamunyamula Dona n'kumuika m'manja mwa achemwali awo.

"Tamunyamulani, achemwali. Anthuwo anene zimene anene."

Achemwaliwo anamunyamula, nkhope n'kusintha. Anamuyang'ana mwanayo, anayang'ana mng'ono wawo. Kenako anaika chikwama pansi, n'kufunsa kumene kunali tsache.

Dipoziti inabwera yonse. Atelala anaika makina awo pazenera lija n'kukhoma chikwangwani panja. Sabata isanathe, mayi wina wopita kukagula misomali anaima n'kufunsa ngati amasoka makatani. Ena anatsatira. Makasitomala akale atamva kuti masitepe kulibe, anabwerera ndi nsalu zawo.

Malipiro akabwera, awiriwo ankakhala patebulo n'kugawa pamodzi, lendi poyamba, chakudya pambuyo pake, zina n'kumatsatira. Mazira ndi mkaka zinabwerera m'nyumba. Adalaivala anayamba kunyamula kontena yawo popita kuntchito. Dona sanachire tsiku limodzi, koma mwezi ndi mwezi thupi linkabwerera, chifuwa chinatha, mpaka anesi anawauza kuti timapaketi tija sitikufunikanso. Pofika kumapeto kwa chaka, banjalo linali litasungako kangachepe, koyamba chikwatiranireni.

Tsiku lina mayi wa banja logawana nalo mpopi anabwera pazenera la Atelala ali ndi nkhani. Amuna ake anali atakwezedwa pantchito, ndipo ankafuna kusamukira kumafulati.

"Inu munakhalako, anzanga. Kuli bwanji?"

"Kokongola kwambiri," anatero Atelala, akudula ulusi ndi mano. "Ngati thumba likulola, pitani, palibe cholakwa. Koma musanasaine kalikonse, khalani pansi ndi bambo, aliyense anene zoona za ndalama zimene amapeza. Muzigawe patatu. Lendi ikakwana m'gawo limodzi, lowani ndi mtima woyera. Ikadya awiri, nyumba imeneyo si yanu, ngakhale akupatseni makiyi."

Mayiyo anakoka mpando. "Tandifotokozereni bwino, ndikawauze madzulo ano."

Phunziro lake ndi ili: lendi isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zimene banja limalandiradi pamwezi. Werengerani pamodzi, osabisirana, ndipo muphatikize madzi, magetsi ndi mayendedwe musanasankhe nyumba. Nyumba yabwino ndi imene mukalipira lendi, onse okhalamo amadyabe n'kukhuta.