Dzanja Lamanzere M'thumba

Kwawo ku Ntcheu, Wilkins anakula akudziwa kuti kupisa dzanja m'thumba pamaso pa akulu ndi mwano. Koma ku Wynberg, kunja kwa dziko, komwe ankaphunzira ntchito ya zamagetsi pakampani ina, mphunzitsi wake, a Frackson, ankamuuza zina.

"Iwe mphwanga, ukamayeza bokosi loti muli moto, dzanja linalo lizikhala m'thumba," ankatero. "Ukagunda chitsulo ndi manja onse awiri, moto udutsa pamtima. Ulemu wakowo tidzachite kuutama pamaliro?"

Komabe a Frackson akangoima pafupi, dzanjalo linkatuluka lokha n'kukatsamira pabokosi. Iwo ananenetsa kuti samutumiza kumayeso a satifiketi mpaka atasiya.

Tsiku lina kunabwera injiniya wamkulu wa kampaniyo, bambo waimvi, kudzasankha opita kumayesowo. Anaima kumbuyo kwenikweni kwa Wilkins, yemwe ankayeza bokosi la magetsi. Mnyamatayo anamva dzanja lija likusuntha. Anakumbukira diso la bambo ake, koma analikanikiza m'thumba la ovololo, zala zitatsina msoko. Anapanitsa waya wakuda wa mita yoyezera magetsi pamalo pake, ndipo ndi dzanja limodzi anayeza mawaya onse mosapupuluma, akutchula mokweza zomwe wapeza.

"Uyu apite," anatero injiniyayo m'Chingerezi, uku akumupatsa dzanja.

Wilkins anayamba watseka bokosi. Kenako anatulutsa dzanja lamanzere, nagwira nalo mkono wamanja popereka moni, atawerama pang'ono.

A Frackson anaseka. "Eya, mphwanga! Ulemu uja malo ake ndi amenewo."